Funso la Faines

Pasukulu ina ku Ntchisi, aphunzitsi a Kamphinda anakhoma pabolodi zithunzi ziwiri zojambulidwa ndi satelaiti. Pa chakale, phiri linali bii ndi mitengo. Pa chatsopano, chojambulidwa zipani zandale zitachuluka, linali mbee.

"Zitsa munawerenga dzulo zija, kumwamba zimaoneka chonchi," anatero.

Faines, mtsikana amene anasiya kuyankhula m'kalasi chigumukireni phirilo, anaimirira n'kuika chala pamzere wofiira wa matope wotsikira kumudzi kwawo.

"Aphunzitsi, makinawa amaona zonse?"

"Zonse."

"Ndiye afunseni pamene matope anakawasiya amayi. Ife tinakumba, koma sitinawapeze."

A Kamphinda anamulozera pampando wake.

"Kakhale pansi, mwana wanga."

Koma Faines anangoima pomwepo, kudikira yankho.