Khofi Wozizira wa Nayef

Panali munthu wina kwathu ku Karak, dzina lake Nayef, wogwira ntchito yaboma yofufuza ndalama zimene anthu amapereka mozemba lamulo kwa andale. Amene anandiuza nkhaniyi akuti anaona ndi maso.

Chisankho chitayandikira, nduna ina inamuitana ku likulu la dziko, ku Amman.

"Nayef mwana wanga, kwanuko kuli anthu akuthira ndalama zamseri kwa mdani wathu uja amene akupikisana ndi munthu wathu. Kawavundukule. Ukamaliza, mpando wa bwana wako ndi wako."

Munthu kukondwa! Koma mkazi wake Rudaina anamutsina khutu.

"Bambo a Laith, nanga a chipani cha ndunayo sanakutumeni kuwafufuza bwanji? Mwasanduka galu wosakira inu."

"Iwe zaboma ukuzidziwa? Tandisiya," anatero Nayef.

Atayamba kufukula, mayina amene anatuluka anali a asuweni ndi alamu ake omwe. Tsiku lina amalume ake, a Mutlaq, anafika ndi akuluakulu a banja. Nayef anawathirira khofi wowawa, iwo n'kuika kapu pansi osalawa. Kwathu kuno ngakhale mwana amadziwa: mlendo akatero ali ndi pempho, ndipo samwa mpaka mwini nyumba atanena kuti, "Imwani, zatheka."

"Mphwanga," anayamba a Mutlaq, "sitikuti ubise mlandu ayi. Wolakwa alangidwe. Koma omanga misewu amene akudyetsa chipani cha ndunayo uwafufuzenso. Sikelo ikhale imodzi."

"Ine ndimamvera anduna, osati nkhalamba," anayankha Nayef, maso ali pa foni.

Khofi anazizira m'kapu, akuluakulu aja ananyamuka osatsanzika.

Asuweni ndi alamu a Nayef aja anamangidwa, munthu wa nduna anapambana. Nayef anadikira mpando, mpando osabwera. Manyazi atamugwira, anabwerera ku Amman.

"Bwana, kwatsala mbali ina ija, ya chipani chanu."

Nduna inaseka. "Mbali iti? Kafukufuku anatha, mwana wanga."

Pasanapite nthawi anamuchotsa ntchito. Nduna ija inauza atolankhani kuti Nayef ankangolimbana ndi abale ake chifukwa cha chidani cha pabanja. Ha, anthu andale!

Kenako mayi ake a Nayef anamwalira. Nayef anakhoma tenti yaikulu, anandandalika mipando, anafulula khofi. Koma opepesa onse ankalambalala, kupita kunyumba ya a Mutlaq. Iye anangokhala yekha pakati pa mipando yopanda anthu, kumvera magalimoto akudutsa. Nduna sinatumize ngakhale uthenga. Mtima unamuwawa koopsa, anasungulumwa ngati mlendo m'mudzi wobadwira.

Tsiku lomaliza la maliro anaona a Mutlaq akulowa okha, akutsimphina ndi ndodo. Nayef anadzuka msanga n'kuwathirira khofi.

"Mulungu amuchitire chifundo mlongo wanga," anatero mkuluyo. Analandira kapu, anaiyang'ana, n'kuiika pansi.

"Amalume, pemphani chilichonse. Imwani, zatheka!"

"Ndinapempha kale, mphwanga," anayankha a Mutlaq. Anatenga ndodo yawo n'kutuluka.

Phunziro: Wamkulu akakutuma kufufuza adani ake okha, dziwa kuti sakufuna chilungamo, akufuna mano ako, ndipo ukaluma adzakutaya. Yeza onse ndi sikelo imodzi, ndipo usanyoze okuchenjeza, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Musaisunge nkhaniyi, patsiraniko anzanu, makamaka amene lero akudya ndi mabwana.