Botolo Lachisanu ndi Chimodzi

Meshack anaika botolo la mankhwala oyera pathebulo. Linali botolo lachisanu ndi chimodzi, ndipo wodwalayo anali amayi ake omubala.

Iye ndiye anali yekha wopereka mankhwala pakachipatala ka ku Tembwe, ndipo chilungulira ankachidziwa ngati njira ya kumunda. Mwezi woyamba amayiwo atadandaula za moto wa pachifuwa ndi madzi owawasa obwerera kukhosi, iye anachita kuseka. Anawauza kuti asiye tsabola ndi za mafuta, asagone atangodya, ndipo azitsamira pokwera. Ena onse ankachira nazo zimenezi.

Koma amayi ake, ayi. Mwezi ndi mwezi ankayenda wapansi kuchokera ku Kambombo, atasenza nkhani yoipa kuposa yakale. Poyamba nyama inkakakamira pakhosi. Kenaka mbatata. Lero akuti ngakhale phala likubwerera.

Meshack anachita mantha. Ankadziwa kuti chilungulira chonyalanyazidwa chimatha kubala chotupa chotseka njira ya chakudya, ndipo iye miyezi yonseyi anali kungothira madzi pamoto wa m'nkhalango. Anawagoneka pabenchi, nawasinika pamimba, nawayang'ana m'maso ndi kukhosi. Sanapeze kanthu. Thupi linali lomwe lija, la mayi wolima yekha munda wonse. Zimenezi zinangomuwonjezera chisoni, poti matenda obisala ndiwo amapha.

"Amama, mankhwala anga alephera," anatero. "Mawa ndikukwezani panjinga, tipite kuchipatala chachikulu ku Lundazi mvula isanatseke njira."

"Ingondipatsa botololo, mwanangu."

"Sindikupatsani. Mukufuna ndikuikeni m'manda ndi manja angawa?"

Anatenga botolo lija nalitsekera m'kabati. Amayiwo anayang'ana kabatiyo nthawi yaitali, kenaka anaphimba nkhope ndi nsalu yawo, nayamba kulira kulira kumene Meshack anali asanakumvepo chibadwire.

"Ine sindidwala, Meshack. Zonse ndakhala ndikukuuzazi n'za atate ako. Paja analumbira kuti sadzalandira kanthu m'manja mwako, chikwatire iwe mkazi amene iwo anamukana uja. Ndimawanamiza kuti mankhwalawa ndimagula kwa amwenye. Manje ngakhale madzi sakupita, ndipo dzulo andifunsa ngati ungabwere atakuitana."