Ngale za agogo m'botolo la viniga

Panali mtsikana wina ku Matawale kuno ku Zomba, dzina lake Dinah. Nkhaniyi ndi yoona, anandiuza ndi mayi amene anaphika nawo pa ukwati wake.

Kubanja kwawo kunali mkanda wa m'khosi umene mkwatibwi aliyense ankavala tsiku la ukwati. Ankausunga ndi azakhali ake, a Fyness a ku Chikamveka. Ukwati wa Dinah utayandikira, a Fyness anabwera nawo ataukulunga m'kansalu.

Dinah atamasula, nkhope inagwa. M'mbali munali mikanda yoyera mbee, yobulungira bwino. Koma pakati penipeni, pamene maso a anthu amafikira, panali tina tachikasu, tosalingana, ngati mano a munthu wosuta fodya.

"Azakhali, tapakatiti sitingatichotse?"

"Usayerekeze," anatero a Fyness. "Zimenezo ndi ngale. Agogo ako anabwera nazo kuchokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo, bambo awo ndiwo anazivuula m'nyanja ya mchere. Asilikali akusecha katundu pafupi ndi Muloza, agogo akowo anazivumata m'kamwa n'kudzisandutsa osalankhula mpaka anawoloka. Zam'mbalizi ndinagula ine mumsika chingwe chitaduka, kuti mkanda ukwane khosi. Ukafuna kuyeretsa, tenga kansalu kofewa, nyowetsa pang'ono, pukuta, basi. Osaviika m'chilichonse."

"Ndamva, azakhali."

Kumva kwake kunali kwa pakamwa. Mumtima ankati, ngale zenizeni zingapezeke m'banja lolima nandolo? Achikulire amakonda kuthira mchere nkhani.

Akukonzetsa tsitsi pa saluni ina ku Chikanda, anatulutsa mkanda uja kudandaulira anzake. Pakhomo panali bambo wina woyenda ndi thabwa la ndolo ndi mphete. Anasuzumira, n'kuseka.

"Ndi thukuta lakalekale ili, asisi. Ponyani m'botolo, thirani viniga yemwe uja wa pa chipisi, tsekani, muiwaleko mpaka tsiku lake. Zanga zonsezi ndimatero."

Katundu wake ankawaladi. Dinah, munthu woti dzina la bamboyo sankalidziwa n'komwe, anakachita zomwezo. Botolo analibisa kuseri kwa sutikesi, ndipo ndi piringupiringu wa ukwati sanalisuzumirenso.

M'mawa wa ukwati, diresi atavala kale, galimoto zikuliza mahutala panja, anakatenga botolo. Viniga anali atachita mbuu. Anakoka mkanda. Ya mumsika ija inatuluka ikunyezimira kuposa kale. Pakati panali chingwe chokha, ndi timibulu tofewa tomatirira. Atagwira kamodzi, kanaphwanyika m'zala ngati phala.

Anakhala pansi ndi diresi lomwelo. Mantha aakulu anamugwira, chifukwa apa m'pamene anazindikira: pulasitiki sasungunuka mu viniga. Zimene zinasungunukazo ndizo zinali zenizeni.

A Fyness analowa kudzamuveka. Anayang'ana chingwe, anayang'ana botolo. Onse m'chipindamo ankadikira chimkuwo, koma sichinabwere. Mayiwo ananyamula botolo ndi manja awiri, n'kuliyang'anitsitsa pa kuwala kwa pawindo.

"Ndiye kuti mayi ankanena zoona," anatero chapansipansi. "Zaka zonsezi ndasunga mkandawu, nanenso nthawi zina ndinkakayika. Taonani. Zinalidi za m'nyanja. Anawolokadi nazo m'kamwa."

Ngakhale amene anali kupaka mkwatibwi zophodaphoda anaima, burashi ili m'manja. Zinali ngati agogo aja, amene anamwalira Dinah ali wakhanda, alowa n'kuima pakati pawo.

Mng'ono wake wa Dinah, Clara, ndiye anafunsa: "Nanga ine ndidzavala chiyani pa ukwati wanga?"

Dinah akulira, anayamba kukankhira mikanda yotsala ija pakati kuti mpata utsekeke. A Fyness anamugwira dzanja.

"Ayi, mwanawe. Uvale momwemo. Malo a agogo ako asakhalepo pulasitiki."

Anavaladi momwemo, kutchalitchi ndi kuholo komwe. Masana anakwera kuphiri kukajambulitsa pa damu la Mulunguzi. Zithunzizo n'zokongola: madzi kumbuyo, mitengo ya paini, mkwati akumwetulira. Koma aliyense woziona amaloza pakhosi pa mkwatibwi, pamene pali chingwe chopanda kanthu, n'kufunsa kuti panachoka chiyani. Ndipo Dinah amayenera kufotokoza yekha, kuyambira pa Muloza.

Phunziro: Ngale sitiviika mu viniga, mandimu kapena mankhwala ochapira, timangopukuta ndi kansalu kofewa. Chinthu chakale cha m'banja, mverani amene wachisunga, osati wongodutsa pakhomo. Musadikire kuti chiwonongeke kuti mukhulupirire kuti chinali chenicheni. Tumizirani abale anu, makamaka amene ukwati wawayandikira.