Galimoto yosadandaula

Panali munthu wina, mphunzitsi wopuma pa ntchito, amene chaka chatha anagula galimoto yapamwamba yogwirapo kale ntchito, ndipo inamufera pamsewu mkazi wake wodwala ali m'katimo. Nkhaniyi ndinaimva kwa mlamu wake, ndipo sindiwonjezerapo kanthu.

Mkaziyo ankadwala impso. Sabata iliyonse ankapita kuchipatala chachikulu, kutali ndi kwawo, kukalumikizidwa ku makina osefa magazi. Makinawo anali ochepa, odwala ambiri. Ukaphonya nthawi yako, pamalo pako pamalowa wina. Pa basi mayiyo ankafika thupi lonse likuphwanya. Choncho mwamuna wake, atalandira ndalama zopumira pa ntchito, anaganiza zogula galimoto ya mipando yofewa kuti mkazi wake azigona kumbuyo osamva mabampu.

Anapeza ziwiri za mtengo wofanana, yakuda ndi yoyera, ndipo anapita limodzi ndi mkazi wake kukaziona.

Yakuda inali ya mayi wina wamasiye. Mphunzitsi atatembenuza kiyi, nyali zonse za pa dashibodi zinayaka. Injini italira zinazima, kupatula kamodzi kachikasu.

"Nanga aka n'kachiyani?" anafunsa.

"Ka mabuleki. Atsala pang'ono kutha, afunika kusintha," anatero wamasiyeyo. "Komanso zenera lakumbuyo limakana kutsika. Pansi imadontha mafuta a chiwongolero, malemu amuna anga ankangowonjezera. Ndikuuziranitu, kuopa kuti mungadzanditukwane."

Atatuluka pageti, mphunzitsi anapukusa mutu. "Mayi, imene ija ndi wodi ya chipatala. Odwala awiri pakhomo limodzi ine sindingakwanitse."

Mkazi wake anaseka mpaka kutsokomola.

Yoyera inali pamalo ogulitsira magalimoto, kwa mwamuna wina amene anthu ankamutcha Zatheka.

"Achikulire, iyi ngakhale chimfine sinadwalepo," anatero Zatheka. "Lizani mudzimvere nokha."

Injini inalira pansipansi. Pa dashibodi sipanatsale nyali ngakhale imodzi. Mphunzitsi anamwetulira, koma mkazi wake, amene anakhala mpando wakutsogolo, anamugwira mkono.

"Abambo, ija mutangotembenuza kiyi inayatsa nyali zambirimbiri isanalire. Iyi yayatsa zochepa. Zinazo zili kuti?"

"Ilibe chodandaula, mayi anga," anayankha Zatheka.

"Ine wodwala wosabuula ndimamuopa. Kuwodi kuja, amene amangoti zii ndi amene amatuluka ataphimbidwa kumaso. Abambo, tiyeni tiitane makaniko azione zonse ziwiri."

Zatheka anayang'ana wotchi yake. Anati masana kubwera bwana wina amene anaikonda kale, ndipo iye sangamuletse.

"Mayi, mwakhalitsa m'chipatala, chilichonse mukuchiona ngati wodwala," anatero mphunzitsi. "Ija matenda atatu, mwiniwake wanena yekha. Iyi palibe. Masamu ophweka ngati amenewa ndawaphunzitsa moyo wanga wonse."

"Chabwino aphunzitsi, chongani nokha," anatero mkaziyo.

Anagula yoyera.

Kwa milungu ingapo zinayenda bwino. Mayi ankagona kumbuyo ndi pilo wake, ankafika kuchipatala osatopa, ndipo tsiku lina anasisita mpando n'kunena kuti mwina anainamizira galimotoyo.

M'mawa wina ali pakati pa ulendo, pamalo opanda nyumba, injini inayamba kugogoda, kenako inazima. Dashibodi sinachenjeze chilichonse. Mphunzitsi anayesa kuiliza mpaka batire linatha. Foni ya Zatheka sinkapezeka. Dzuwa linakwera, mayi miyendo yatupa, mpweya ukuwachepera. Magalimoto ankangodutsa. Poona galimoto yokongola chotero, anthu ankayesa kuti eni ake aitana kale thandizo. Pomaliza lole ina inaima n'kuwatenga, koma anafika madzulo, pamakina patalowa wina.

"Musadzizunze, abambo," anatero mkaziyo ali pa benchi. "Munkafuna ndizigona bwino. Ndagonadi bwino."

Anamwino anayesetsa ndipo anamupezera malo patapita masiku, koma madzi anali atadzaza kale m'chifuwa. Anagonekedwa m'chipatala ndipo sanatulukemonso. Madokotala sananene kuti galimoto ndi imene inamupha. Anati mtima wake unali utafooka kale. Inenso sindinena zoposa pamenepo. Koma mwamuna wake mawu a madokotalawo sanamutonthoze.

Maliro atatha, mlamu wa mphunzitsi uja anakoka galimotoyo n'kuitana makaniko. Makanikoyo atamasula dashibodi anapeza kuti nyali ya oyilo, ya injini ndi ya kutentha zinamatidwa ndi tepi yakuda kuseri kwa galasi.

"Bambo, nyalizi zakhala zikuyaka kuyambira tsiku limene munaigula, kungoti m'kati," anatero. "Pampu ya oyilo inali itatha kale. Pepani."

Mphunzitsi anakhala pansi, pafupi ndi tayala.

Zatheka anasamuka pamalo paja ndipo palibe akudziwa kumene ali. Galimoto yoyera ili pabwalo la mphunzitsi, matayala aphwa. Anthu amabwera kudzafunsa mtengo chifukwa kunja ikuonekabe bwino. Iye amawatsegulira chitseko, amawaonetsa tepi ija, n'kuwauza kuti injini inafa. Mpaka lero palibe wagula.

Phunziro: Poyerekeza magalimoto awiri ogwirapo kale ntchito, musawerenge matenda amene mwauzidwa okha, ganizirani amene mwabisiridwa. Wogulitsa wonena zolakwika za katundu wake ndi wodalirika kuposa wonena kuti palibe vuto. Mukatembenuza kiyi, onani ngati nyali zonse zayaka injini isanalire. Itanani makaniko wanu, ndipo wokufulumizitsani musiyireni galimoto yakeyo. Amene mwapita naye akafunsa funso, liyankheni musanalipire. Tumizirani abale ndi anzanu amene akufuna kugula galimoto.