Katundu wa Sukulu

Ahedi ndiwo anamulakwira bambo wina wosoka nsapato, tsiku lotsekera sukulu. Anamuvula mwana wamkazi wa bamboyo kachipangizo komuthandiza kumva, n'kukatsekera m'kabati.

"Katundu wa sukulu sapita kuholide, bambo."

Patatha masiku anayi, lole inaliza hutala katatu kumbuyo kwa mwanayo. Sanacheuke.

Maliro atatha, bamboyo anaima muofesi ya ahedi, chipewa kumanja. Kachipangizo kaja kanali kuseri kwa galasi ngati kakumvetsera, kakadali ndi ulusi wofiira wosokera nsapato umene iye anamangirira kuti kasamagwe.

"Ndipatseni ulusi wangawo basi, aphunzitsi."

Ahedi anasisita matumba a jekete osamuyang'ana.

"Kiyi ali ndi anzanga. Mubwerenso Lolemba."

Limenelo linali kale Lolemba lachitatu bamboyo akubwerera ulusiwo.