Miyezi Itatu Osamenyedwa

Chokupizira mphepo cha Aphunzitsi Dou chinatera pachigongono cha a Kuang, phwa. A Kuang anamwetulira ngati avekedwa mendulo. Chinatera pabondo la a Shen, kenako paphewa la mtsikana wa kubanki amene anangoyamba mwezi watha. Chitafika pa Mayi Luo, chinangodutsa. Uwu unali mwezi wachitatu chikudutsa.

Pagulu limeneli, lokumana m'mawa uliwonse m'paki ya mumzinda wa Shiyan, panalibe wosadziwa tanthauzo lake. Mphunzitsi wa taichi, masewera olimbitsa thupi a mayendedwe odekha, amamenya amene akumuwerengera. Akasiya kukukonza ndiye kuti wakutaya. Sakuthamangitsa ndi pakamwa ayi, amangodikira kuti manyazi akunyamule okha. Pa zaka khumi ndi zinayi zimene Mayi Luo anakhala pagululi, chipumireni pantchito yodula matikiti m'basi, anaona anthu atatu akuchoka motero.

Koma atatuwo anachoka ulemu ulipo. Mayi Luo anachita kuchotsedwa kumbuyo, kumene ankabisala bwinobwino, n'kuimikidwa kutsogolo, pambali penipeni pa aphunzitsi. Mayendedwe onse 108, kuyambira loyamba mpaka lomaliza, nkhalambayo inkawayang'ana cham'mbali, nkhope itakwinya ngati yaluma ndimu.

"Achemwali," ankatero a Kuang, dokotala wa mano wopuma pantchito amene pakamwa pake sipanapume nawo, "kusukulu kwathu woikidwa pafupi ndi bolodi tinkamudziwa."

Zinkawapweteka Mayi Luo. Amuna awo anamwalira kale, mwana wawo anali kutali ku Shenzhen, ndipo kunyumba chinkawalankhula ndi firiji yokha. Pakiyi ndi imene inkawadzutsa. Anayesetsa kudzikonza. Anayeserera m'khitchini mpaka anaphwanya mtsuko wa viniga. Anayeserera pakhonde mpaka aneba anafunsa ngati akudwala. Diso la aphunzitsi silinachoke.

Lamlungu linali tsiku la mafunso. Akatha masewera ankakhala pakanyumba kopumirapo m'mbali mwa dziwe, kutsegula mafulasiki a tiyi, kuswa nthanga za mpendadzuwa, ndipo aliyense ankaloledwa funso limodzi. A Dou anakulira m'kachisi wa paphiri la Wudang, choncho anthu ankayembekezera mayankho akuya. Ankawapeza mwa apo ndi apo.

A Kuang ndiwo anayamba, monga mwa masiku onse. "Aphunzitsi, mphamvu ya m'mimba ija imakhala pati kwenikweni, kunsi kwa mchombo kapena kumbuyo kwake?"

"Pa iwe? Tiyambe tafukula mafutawo."

A Shen anatsitsa mawu. "Akuti mwamuna akapirira masiku zana osakhudza mkazi wake, moyo umatalika. N'zoona?"

"Sutalika. Umangooneka wautali."

Mtsikana wa kubanki anafunsa ngati n'zoona kuti aphunzitsi angagwetse munthu osamukhudza.

"Ndikadya adyo wokwanira."

Anthu anaseka, kuyamikira, ndipo a Kuang analemba zonse m'kabuku kawo, ndi za mafuta zomwe. Mayi Luo okha sanaseke. Anali atatsimikiza kuyambira kunyumba kuti lero afunsa, ndipo akayankhidwa zimene ankazidziwa kale, nsapato zawo zansalu akaziponya m'kabati basi. Anaimirira, naphatikiza chibakera ndi chikhatho pachifuwa mwaulemu.

"Aphunzitsi, ndakalamba, sindingathe kumangoganizira. Ndikulakwitsa chiyani? Mundiuze kamodzi, ndizipita."

Nthanga zinasiya kusweka. A Dou anaika kapu yawo pansi.

"Funso limenelo si lapagulu," anatero. "Enanu kazipitani."

Ananyamuka mwakachetechete, aliyense akupewa maso a Mayi Luo. Mtsikana wa kubanki anawafinya dzanja. Ngakhale a Kuang chisoni chinawagwira, moti anawasiyira nthanga zotsala asanachoke, ngakhale kuti anayenda pang'onopang'ono kwambiri, khutu lili kumbuyo.

"Kuang, ndikukuona," anatero a Dou. A Kuang anawonjezera liwiro.

Anatsala awiri. Mayi Luo anaima chilili, akuganiza za m'mawa wa Lolemba ndi mmene adzautherere. Mwina akalowe gulu la amayi ovina ndi wailesi kuseri kwa msika, amene anakhala akuwanyoza zaka zonsezi.

"Khala pansi, Luo. Ukutalika."

Anakhala.

"Mayendedwe athu ndi angati?"

"108, Aphunzitsi."

"Ukatha mayendedwe a Kukumbatira Kambuku kachiwiri, chimabwera n'chiyani?"

Mayi Luo anayankha osaganiza n'komwe. A Dou anafunsa funso lina, nafunsanso lina, kudumphira kumapeto, kubwerera pakati. Mayi Luo anayankha onse, mtima ukuwawa kuti munthu akuyesedwa ngati mwana pa tsiku lomuchotsa.

Nkhalambayo inagwedeza mutu, n'kusuzumira uku ndi uku ngati wakuba nkhuku. Kenako inasendera pafupi.

"Chichokereni m'chipatala miyezi itatu yapitayo, ndikangopitirira mayendedwe makumi atatu m'mutu mumangoti zii. Ndimaonera kwa iwe. Ndiye ndilimenya bwanji buku limene ndikuwerenga?" Anapukuta maso ndi mkono wa malaya. "Usachoke, mwana wanga. Koma potembenuka uzichepetsako liwiro, ukundisiya m'mbuyo."