Mawu a Malemu pa Hadi

"Mwandikhazika pano kuyambira m'mawa!" anakuwa Mayi Annette Mkandawire, akumenya tebulo ndi chikhatho.

Hadi inalira tiki, tiki, n'kukhala chete. Mzere wobiriwira womwe unali utafika pa theka la sikirini unabwerera poyambira. Aka kanali kachinayi.

Saulos anawerama n'kumvetsera hadiyo. Kashopu kake kokonzeramo makompyuta ku Biwi kanali kothina: mpando umodzi, shelefu, ndi tebulo la mwendo waufupi lomwe analiikira kachikatoni kunsi. Patebulopo panali hadiyo, mbali yosunga zinthu ya mu laputopu ya malemu amuna awo a mayiwo, italumikizidwa ndi chingwe ku kompyuta yake. M'hadimo munali vidiyo imodzi yokha yofunika, yomwe Saulos ankaikopera mu fulashi. Malemuwo, ali m'chipatala, anadzijambula akunena kuti nyumba ya ku Area 23 ndi ya mkazi wawo ndi ana. Alamu awo a mayiwo, a Kenny, ankaifuna nyumbayo, ndipo mlandu unali mawa lake.

"Ikutani tsopano?" anafunsa mayiwo.

"Hadi ikachedwa kuyankha, kompyuta imadikira," anatero Saulos. "Imafunsanso. Ikakhalabe chete, imaidzutsa mwatsopano, kukopa n'kuyambiranso. Hadiyi ndi yodwala. Ikadzutsidwa kambiri, sidzukanso."

"Ndiye izimitseni, ndipite nayo kwa anthu odziwa ntchito."

"Ikazima, yapita. Mayi, chonde, patebulo..."

"Musandiphunzitse pokhala! Mukuyesa sindikudziwa? Dzulo a Kenny anthu awaona akulowa muno."

Saulos anayang'ana pansi. Anayambitsanso kukopa. Mzere unayenda pang'onopang'ono. Unadutsa theka. Mayiwo anaima pafupi, akupumira m'mwamba, chikwama chili m'khwapa.

"Yankhani! Anadzatani muno?" Chikhatho chinateranso patebulo, masikuluu n'kudumpha m'kambale.

Tiki, tiki. Mzere unabwerera. Ulendo uno hadi inatenga nthawi yaitali isanayambenso kuzungulira, ndipo Saulos anaiyang'anitsitsa osaphethira mpaka inadzuka. Kenako anatembenuka n'kuwayang'ana mayiwo m'maso koyamba tsiku lonselo.

"Inde, anabwera," anatero. "Tinagwirizana. Vidiyo imeneyi simuiona. Ngati mukufuna, kaitaneni apolisi."

Mayi Mkandawire anatsegula pakamwa. Mawu anatuluka onse pamodzi: wakuba iwe, mfiti, wodyera amasiye. Amayi ogulitsa tomato panja anaimirira kudzaonerera. Wokonza nsapato wa pakhomo loyandikana analavula pansi.

"Usasunthe! Lero ugona m'chitolokosi!"

Anatuluka, nsapato zikuwaza fumbi. Saulos anatseka chitseko mosamala, ndi manja awiri, osachiwombetsa. Anayambitsa kukopa, n'kukakhala pansi pakona, kutali, manja ali m'khwapa. Panja anthu ankatchula dzina lake. Iye sanatsokomole n'komwe.

Patatha ola, mayiwo anabwerera ndi wapolisi wamkazi, khamu lili pambuyo.

"Ndi ameneyu. Wavomera yekha."

Saulos anadzuka, anazula fulashi n'kuiika m'dzanja la mayiwo. Pa sikirini panali nkhope ya malemu, yowonda, ikuyankhula za nyumba ya ku Area 23 mpaka kumapeto. Pambali pake hadi inali itazizira. Inali itafa mphindi zochepa kukopa kutangotha.

"Nanga za a Kenny zija?" anafunsa wapolisi.

"Anabweradi. Ndinawabweza pakhomo."

Anatsegula mndandanda momwe kompyuta imalemba vuto lililonse ndi nthawi yake. Panali mizere isanu ya kudzutsa hadi. Kuchokera pomwe mayiwo anatulukira, panalibe ngakhale umodzi.

"Hadi yodwala imamva kugwedezeka kulikonse," anatero Saulos. "Mwamenya tebulo kasanu, Mayi. Kachisanu n'chimodzi mukanaipha nokha. Ndimangofuna ola limodzi muli panja."